Kuchoka pa siteji kupita pa kamera: malangizo kwa woyimba amene waitanidwa mu filimu

Woyimba akangoyamba kumveka, nyimbo zake ziwiri zitatu zikulira m'maminibasi a pa M1 ndi m'magolosale a pa Lizulu, sipapita nthawi foni imalira: "Achimwene, tili ndi filimu, tikufuna mutengeko mbali." Opanga mafilimu amafuna oyimba chifukwa dzina lodziwika kale limakoka anthu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ena anadutsamo bwino m'njira imeneyi. Lily Banda, yemwe anthu anayamba kumudziwa ngati woyimba pa dzina loti Alex, anasewera Annie, mlongo wake wa William Kamkwamba, mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu imene inajambulidwa ku Kasungu n'kutuluka mu 2019.

Koma alipo amene amaoneka mu filimu imodzi yokha, osaitanidwanso. Nthawi zambiri vuto silikhala kusowa luso. Woyimba ali ndi anthu awiri m'thupi mwake. Pali wa pa siteji, amene amadumpha, kukuwa ndi kuloza chala kuti ngakhale wokhala kumapeto kwa Dedza Stadium amve kuti nayenso akuimbiridwa. Ndiye pali wa mu situdiyo, amene amaima malo amodzi mahedifoni ali kumutu, kubwereza mzere umodzi kakhumi mpaka produsa atakhutira. Kamera ya filimu imafuna wachiwiriyu. Woyambayo mumusiye kunyumba.

Zizolowezi zoyenera kuchotsa

Tiyambe ndi maso. Mu vidiyo ya nyimbo munazolowera kuyang'ana m'diso la kamera chifukwa mukuimbira woonera. Mu filimu mukangoponyamo diso, ngakhale mongodutsa, shotiyo yawonongeka ndipo ayambiranso. Maso anu azikhala pa mnzanu amene mukuyankhula naye. Akakhala pafupi kwambiri, sankhani diso lake limodzi, lomwe lili mbali ya kamera, n'kukhazikika pamenepo. Mukamalumpha kuchoka diso ili kupita linalo, pa sikirini mumaoneka wamantha pomwe gawolo silikufuna mantha. Nthawi zina mnzanuyo sakhalapo n'komwe. Amangomata kachidutswa ka tepi pambali pa kamera n'kukuuzani kuti amenewa ndi mayi anu, apepeseni. Muzolowere.

Dzanja lozolowera kugwira maiki nalo limavuta. Likasowa chogwira limayamba kudula mpweya pa liwu lililonse, ndipo woonera amangoona woyimba amene amamudziwa uja, osati munthu wa m'nkhaniyo. Lipatseni ntchito yeniyeni: kusenda mbatata ya kachewere, kumanga chingwe cha thumba, kuwerenga ndalama. Muichitedi ntchitoyo, osati mongonamizira. Mpeni ukamasendadi, mapewa amatsika okha ndipo nkhope imasiya kudzionetsa.

Chizolowezi chovuta kwambiri kuchotsa ndi cha kayankhulidwe. Woyimba amaloweza mawu pamodzi ndi chuni chake. Akawerenga mzere koyamba amaupatsa kale kokwera ndi kotsika, pena pake kuuika pa biti, ndipo ukakhazikika choncho sasinthanso. Zotsatira zake n'zakuti take (ulendo umodzi wojambula gawo) yoyamba ndi yachisanu zimamveka chimodzimodzi. Mnzake akasintha, akayankhula mokwiya pomwe poyamba anayankhula mofatsa, iye amayankhabe ndi chuni chakale chija. Dairekita akati "yesani mwina", amabwereza zomwezo mokweza mawu basi.

Mankhwala ake ali pa kalowezedwe. Tengani gawo la masamba awiri. Werengani mizere yanu mouma, mopanda kukwera kapena kutsika, ngati mlembi wa amfumu akuitana maina pa msonkhano, mpaka mutatha kuinena mukutsuka mbale osaganizira. Kenako jambulani pa foni mizere ya mnzanu yokha, kusiya mpata pamene pakubwera yanu, n'kumayankha mukumvetsera. Mukatero lembani m'mbali mwa mzere uliwonse chimene munthuyo akufuna kuchita kwa mnzake: kupempha, kuopseza, kunyengerera, kubisa. Musalembe kuti "wokwiya" kapena "wachisoni", chifukwa zimenezo zimakukankhirani ku nkhope zopanga. Mzere woti "Bambo, ndalama ija ndibweza mawa" uyeseni katatu, koyamba mukupempha, kachiwiri mukubisa kuti munaidya kale, kachitatu mukuwauza mochenjera kuti asakufunseninso. Mukamva kusiyana katatu konseko, chuni chija chachoka.

Za kukweza mawu n'zachidule. Maiki ya boom imalendewera pamwamba pa mutu wanu, ina yaing'ono amakubisirani pa chifuwa. Yankhulani mofika pamene pali mnzanuyo basi. Chimene oyimba amalakwitsa akauzidwa kuti atsitse mawu ndi kumeza mathero a mawu, ndiye wojambula mawu amavutika. Ngati pali pamene mudzakuwe, muuzeni iye musanayambe kuti akonzeretu makina ake.

Zonsezi muziyeserera mphindi 20 tsiku lililonse. Ikani foni pa mulu wa mabuku molingana ndi maso anu, mita imodzi ndi theka kuchokera pamene mwakhala. Mukajambula, onerani kaye mutazimitsa mawu, muone nsidze, kuphethira ndi mutu wogwedezeka. Kenako mvetserani osayang'ana chithunzi. Khutu lanu ndi lophunzira kale, lidzakuuzani pamene mwayamba kuimba m'malo moyankhula.

Mmene gawo limodzi limajambulidwira

Gawo limene pa sikirini limatenga mphindi ziwiri limajambulidwa kambirimbiri. Kawirikawiri amayamba ndi shoti yaikulu yoonetsa malo onse ndi anthu onse, kenako yoyambira m'chiuno, pomaliza close-up, yoonetsa nkhope pafupi, ya munthu aliyense payekha. Funsani wa kamera nthawi zonse kuti shotiyi ikuthera pati. Mu yaikulu thupi lonse likugwira ntchito. Mu close-up nkhope yokha yadzaza sikirini, ndipo mukaweramira kutsogolo masentimita ochepa chabe mukhoza kutuluka mu fokasi. Ngati gawolo ndi lolira, musathere misozi yonse pa shoti yaikulu ya m'mawa pomwe close-up yanu ibwera masana.

Popeza edita adzalumikiza zidutswa zonsezi, chimene munachita mu shoti yoyamba muyenera kuchibwereza ndendende mu zinazo. Kapu inali kudzanja lamanzere, ikhale komweko. Munamwa tiyi mutanena liwu lakuti, mumwenso pomwepo. Mukasintha, edita amakakamizika kutaya take yanu yabwino n'kutenga yofooka imene ikugwirizana ndi zinazo. Apa m'pamene kudya kumapweteketsa anthu. Mukatema mbamu yaikulu ya nsima mu take yoyamba, dziwani kuti pa shoti zitatu za ma take asanu ndi atatu iliyonse mudya mbamu 24 zoterozo, nsimayo itazizira kale. Temani kakang'ono, ndipo idyani pamene mulibe mzere.

Pansi amakuikirani chizindikiro choimapo, tepi ngati muli m'nyumba, kamwala kapena kamtengo ngati muli pa dothi. Muyenera kufikapo osayang'ana pansi. Imani pa chizindikirocho, bwererani chafutambuyo mpaka poyambira mukuwerenga masitepe, ndiye mwadziwa kuti ndi asanu ndi limodzi. Woyimba amene amawerenga ma bar asanalowe mu korasi sachedwa kuzigwira zimenezi.

Musayambe asananene kuti "action", ndipo musasiye asananene kuti "cut", ngakhale mizere yanu itatha. Kawirikawiri masekondi apambuyo pa mzere womaliza ndi amene edita amawafuna. Mukaphonya liwu musaseke kapena kupepesa. Pumani pang'ono, bwererani poyambira mzerewo, pitirizani. Musayankhulenso pamwamba pa mawu a mnzanu pokhapokha dairekita atafuna, chifukwa mawu olowana sadulika.

Chinanso, filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Gawo lomaliza likhoza kujambulidwa tsiku loyamba, ndipo ndalama zikathera panjira ntchito imaima masabata angapo. Pa nthawi yonseyo musamete ndevu, musasinthe tsitsi, musalidaye chifukwa cha vidiyo ya nyimbo yatsopano musanafunse.

Audition ya pa foni mukadali kwanu

Makampani ambiri a mafilimu ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchokera pa Dedza boma kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo wa pa Ntcheu ali chapakati pa mizinda iwiriyi. Simuyenera kukwera minibasi pa audition (mayeso osankhira osewera) iliyonse, popeza ambiri amayamba apempha vidiyo ya pa foni. Muijambule chonchi.

Foni igone chopingasa, osati choimirira, ikhale molingana ndi maso, ndipo isagwiridwe pamanja. Chithunzi chiyambire pa chifuwa n'kuthera pamwamba pang'ono pa mutu. Kumbuyo kwanu kukhale khoma lopanda zithunzi kapena makalendala. Khoma loyera kwambiri silabwino, chifukwa foni imadzichepetsera kuwala kuti igwirizane ndi khomalo ndipo nkhope yanu imada mpaka maso osaoneka. Kolekani nsalu yotuwa kapena yabuluu yopanda maluwa, dinani pa nkhope yanu pa sikirini n'kugwiritsa chala kuti kuwala kukhazikike. Windo likhale kutsogolo kwanu, osati kumbuyo. Mukajambulira panja pewani dzuwa la paliwombo, limene limasiya mithunzi m'maso. Chifunga cha m'mawa cha ku Dedza, chimene anthu amadandaula nacho, chimapereka kuwala kofewa kokoma kwambiri pa nkhope.

Wokuwerengerani mizere ya mnzanu aime pambali penipeni pa foni, ndipo aziyankhula motsitsa chifukwa iye ali pafupi ndi maiki kuposa inu. Poyamba nenani dzina lanu ndi mbali imene mukuyesera, mukuyang'ana kamera. Ndi pokhapo pamene mwaloledwa kutero.

Mawu ndi amene amawononga mavidiyo ambiri a kuno. Chigayo chikalira, njinga zamoto za kabaza zikamadutsa, tambala akayamba, imani kaye. Nthawi ya dzinja mvula ya pa malata imameza chilichonse, ndipo mu June ndi July mphepo ya mwera imawomba mu maiki ya foni. Chipinda chokhala ndi matiresi ndi makatani chimamveka bwino kuposa pabalaza pa simenti yokhayokha, monga mukudziwira kale ku situdiyo. Jekete ya nayiloni imene timavala kukazizira ivuleni, chifukwa imakwekweta mukangosuntha mkono. Malaya a timizere ting'onoting'ono nawo amanjenjemera pa kamera.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti chithunzi chisaphwanyike, ndipo fayiloyo muilembe dzina lanu ndi la mbaliyo. Musatumize vidiyo ya nyimbo m'malo mwa audition. Amene akufuna kukulembani ntchito akufuna kuona ngati mumatha kumvetsera munthu wina akamayankhula, ndipo vidiyo ya nyimbo sionetsa zimenezo. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye kuti akuyeseni, kapena akakuitanirani audition ku chipinda chogona alendo usiku, musapiteko.

Ngati mulibe chilichonse choonetsa kuti munaseweraponso, pangani nokha. Magulu a zisudzo a achinyamata, a ku tchalitchi ndi a m'masukulu a sekondale alipo m'maboma onse awiri a Dedza ndi Ntcheu, ndipo amene amakujambulani mavidiyo a nyimbo ali ndi kamera kale. Jambulani magawo awiri kapena atatu osiyana, muwalumikize akwane mphindi imodzi kapena ziwiri, gawo labwino kwambiri likhale loyamba. Mukamajambula m'mudzi yambani mwaonekera kwa amfumu. Kumanda ndi ku dambwe sikolowa ndi kamera mwachisawawa, ndipo malo otetezedwa ngati mapanga a zojambula zakale a ku Chongoni amafuna chilolezo cha ofesi ya boma yowayang'anira. Kulowa m'bungwe la Film Association of Malawi kumathandizanso kuti mudziwane ndi anthu a ntchitoyi.

Tsiku lojambula

Tsamba limodzi la script, nkhani yolembedwa ya filimuyo, ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, ndipo gulu likhoza kugwira ntchito maola 12 n'kutsiriza masamba atatu kapena asanu okha. Nthawi yambiri mudzakhala mukudikira kuti akonze magetsi ndi kamera. Nthawi imene akuuzani kuti mufike ndi yeniyeni, siili ngati ya shoo imene pa positala amalemba 1 koloko inu n'kukwera pa siteji usiku. Shoti za panja zimadalira dzuwa la m'mawa ndi la chakumadzulo, ndipo mukachedwa ola limodzi gawolo lapita tsiku lina, anthu onse n'kudyetsedwanso ndi kulipidwanso.

Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi yozizira kujambula kwa m'mamawa kumapweteka, makamaka ngati gawolo likufuna kuti muvale malaya opyapyala. Tengani bulangete lofunda podikira ndi fulasiki ya madzi ofunda. Musachite shoo usiku woti mawa lake mukujambula. Maso amafiira, mawu amasasa, ndipo sagwirizananso ndi amene munajambula dzana pa gawo lomwelo.

Pali chinanso chimene oyimba otchuka chimawawawa. Pa siteji bandi imatsatira inu. Pano mwini nkhani ndi dairekita, ndipo inu ndinu mmodzi mwa antchito ambiri. Musauze mnzanu mmene asewerere, musanene nokha kuti "cut", ndipo musamathamangire ku monita take iliyonse kukadziona. Anyamata oyenda nanu atsale. Ngati mzere wina sukukhala bwino m'kamwa, kambiranani ndi dairekita tsiku lisanafike, osati kamera ikudikira. Mukamakajambula pa msika ngati wa pa Tsangano Turn-off, chenjezani a filimuwo kuti anthu adzakuzindikirani n'kumakuwa dzina lanu la pa siteji, kuti akonzeretu owaletsa phokoso. Zithunzi za pamalo ojambulira musaziponye pa Facebook kapena TikTok eni ake asanalole.

Pamene woyimba amaposa anzake ndi pa ADR, ntchito yojambulanso mawu mu situdiyo. Mawu ena akawonongeka ndi mphepo kapena galimoto, amakuitanani ku situdiyo kuti muwanenenso mukuonera milomo yanu pa sikirini. M'mahedifoni mumamva kulira katatu, ndipo mumalowa pamene pakanalira kachinayi. Ochita zisudzo ambiri amatuluka thukuta ndi ntchito imeneyi, pomwe kwa inu ndi chimodzimodzi kuikira mawu achiwiri pa nyimbo. Chongoyenera kusamala n'chakuti musawakongoletse. Ngati pa tsikulo munali wefuwefu mutathamanga, thamangani pamalo pomwepo musanayambe kuti mpweya ufanane.

Mbali yoyamba ndi pepala losaina

Maganizo athu ndi akuti musalandire mbali yaikulu pa filimu yanu yoyamba, ngakhale akukakamizeni chifukwa akufuna nkhope yanu pa positala. Mbali ya magawo atatu kapena asanu imakupatsani mpata woona mmene odziwa akuchitira, ndipo mukafooka filimu siigwa nanu. Mbali ya woyimba nayo imaoneka yophweka koma ndi msampha, chifukwa imakubwezerani ku zizolowezi zonse zija ndipo palibe amene adzadziwe ngati mumatha kusewera munthu wina. Werengani script yonse, osati masamba anu okha. Anthu kuno amasakaniza wosewera ndi munthu amene akumusewerayo, choncho woyimba nyimbo zauzimu amene walandira mbali ya chidakwa kapena ya wolanda mwamuna wa mwini aganizire kaye za mpingo wake ndi amene amamuitana ku mashoo. Magawo ogwiranagwirana kapena ovula mugwirizane malire ake musanasaine.

Pa kontirakiti palembedwe masiku ojambula, malipiro, tsiku lolipira, thiransipoti, chakudya ndi pogona, komanso malipiro a masiku owonjezera ndi a ADR. Pemphani gawo lina la ndalama musanayambe. Masiku amene muli kale ndi mashoo, makamaka Loweruka ndi Lamulungu anthu akakolola ndi nyengo ya Khirisimasi, alembedwe kuti simudzapezeka. Nenani dzina limene mukufuna lilembedwe pa filimu, lenileni kapena la pa siteji, ndiponso ngati nkhope yanu ingagwiritsidwe ntchito potsatsa filimu yokhayo kapena ndi malonda a makampani othandiza filimuyo.

Nyimbo zanu ndi nkhani ina. Opanga filimu ambiri akalemba woyimba amangoganiza kuti nyimbo zake zabwera naye limodzi, ndipo mumadzangomva korasi yanu ikulira kumapeto kwa filimu. Malipiro osewera salipira nyimbo. Nyimbo iliyonse ikhale ndi pepala lakelake lonena dzina la nyimboyo, kutalika kwa gawo limene agwiritse, ngati ilowenso mu kavidiyo kotsatsira filimu, kumene filimuyo idzaonetsedwe, kwa zaka zingati, ndiponso kuti umwini ukutsala kwa inu. Mawu oti mwapereka nyimbo "kwamuyaya" kapena kuti simungaiperekenso kwa wina musawalole pa mtengo wa chilolezo wamba. Kumbukiraninso kuti mwina simuli nokha pa nyimboyo. Ngati produsa anapanga biti, kapena wina analemba vesi, kapena kampani inalipira situdiyo n'kutenga umwini wa chojambulidwacho, onsewo ayenera kuvomera. Lamulo la Copyright Act la 2016 ndi limene limateteza zimenezi, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limatolera ndalama za eni nyimbo. Onetsetsani kuti nyimboyo munailembetsa kumeneko filimu isanatuluke, ndipo pemphani opanga filimuwo akupatseni mndandanda wa nyimbo zonse zimene aikamo, wokhala ndi dzina lanu ndi mphindi zimene nyimbo yanu yalira.